Khoti Lafika Pachipata cha Ndende

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lino, bambo Mokhlesur Talukdar. Olemekezeka woweruza milandu wamkulu, mayi Rowshan Ara Mollik. Mkulu wa ndende ino, bambo Delwar Patwari, pamodzi ndi asilikali anu onse. Mkulu wa apolisi. A imamu athu ndi akuluakulu a kukachisi. Maloya ndi atolankhani. Komanso inu abale anga osungidwa m'ndende muno, amene mwakhala pamphasa kumbuyoko, inu amene mwambo uno ndi wanu kuposa tonsefe: mtendere ukhale nanu.

Adokotala anandiletsa kuimirira nthawi yaitali, koma mpandowo uchotseni, chifukwa chimwemwe chimene ndili nacho lero sichingandilole kukhala pansi.

Ndende ino inamangidwa kuti izisunga anthu mazana anayi. M'mawa uno bambo Patwari andiuza kuti muli anthu chikwi chimodzi ndi mazana atatu, ndipo mwa anthu khumi alionse, asanu ndi awiri khoti silinawapeze olakwa. Akungodikira.

Ndinalowa pachipata icho koyamba zaka makumi atatu zapitazo, ndili majisitireti wongoyamba kumene, nditavala nsalu yanga ya sari yosita bwino, mutu wodzaza ndi malamulo. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe. Msilikali atatsegula chitseko cha chipinda cha akaidi, mpweya wa m'katimo unandibweza m'mbuyo. Ndinafunsa kuti, "Kodi mumagona bwanji muno?"

Mkaidi mmodzi anayankha akuseka, "Ngati nsomba za ilishi m'dengu la kumsika, amayi. Chammbali. Wina nthiti zikamuwawa amakuwa kuti 'tembenu!' ndiye tonse timatembenuka kamodzi."

Mnzake anati, "Ndipo ukadzuka kukataya madzi, malo ako wawasiyira amasiye."

Ndikuona kumbuyoko mukuseka. Ndiye kuti mpaka lero mukutembenuka chomwecho.

Pakona panali bambo wina wa imvi amene sanaseke nawo. Dzina lake Tofazzal Mridha, mlimi wa mpunga. Anamumanga pomuganizira kuti anaponya ukonde m'dziwe la nsomba la mwini, mlandu umene chilango chake sichikanapitirira miyezi itatu. Anali atakhala muno zaka zisanu, chifukwa mapepala a mlandu wake anasowa chaka chimene madzi osefukira analowa m'khoti.

Anandifunsa, "Amayi, inu ndinu oweruza?"

Ndinati, "Inde, bambo."

Iye anati, "Ndiye chonde ndipezeni wolakwa. Wolakwa amadziwa tsiku lake lotuluka. Ine tsiku ndilibe."

Olemekezeka, ndinasowa poyang'ana. Ine ndi kalaliki wanga tinatha masabata awiri tikukhutula matumba m'chipinda chosungira katundu ku khoti, mpaka tinawapeza mapepalawo atamatana ndi matope. Mwini dziwe uja anali atamwalira kalekale. Ndinamumasula Tofazzal tsiku lomwelo, koma kwawo anakapeza mwana wake wamkazi atakwatiwa iye kulibe, munda wake ukulimidwa ndi mlamu wake.

Patatha sabata ndinangomuona waima pakhomo pa ofesi yanga. Ndinaganiza kuti wandibweretsera mango, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okanira. Koma anabwera chimanjamanja. Anati, "Amayi, ine sindidziwa kulemba, ndiye ndawasunga m'mutu. Tengani cholembera." Anatchula maina khumi ndi limodzi, lililonse ndi mudzi wake, a anzake oiwalika ngati iye amene anawasiya m'kati muno.

Ndinakwanitsa kutulutsa anayi, kenaka anandisamutsira ku boma lina. Mwa asanu ndi awiri otsalawo, mmodzi ndinamva kuti chifuwa chachikulu chinamutenga. Enawo sindidziwa kumene anathera, ndipo maina awo ndimawakumbukirabe.

N'chifukwa chake mayi Mollik atanditumizira dongosolo lanu, ndinaliwerenga kawiri, kenaka ndinaitana amuna anga kuti ndiwawerengere mokweza, mpunga n'kupserera pamoto! Simunangoti timange chipinda china, pakuti tonse tikudziwa kuti chipinda chatsopano chimadzaza mvula isanathe. Mwamanga khoti pomwe pano pachipata, kuti woweruza azibwera yekha Lamulungu ndi Lachitatu lililonse, m'malo moti munthu azidikira galimoto ya apolisi imene nthawi zonse ilibe mafuta. Mwalemba ntchito alangizi a zamalamulo asanu ndi mmodzi amene azilowa chipinda ndi chipinda kufunsa munthu aliyense dzina lake, mlandu wake ndi tsiku limene anaonekera komaliza ku khoti. Milandu ya mbuzi, ya malire a munda ndi ya kutukwanizana pamsika mwaibweza ku mabwalo a kumidzi. Ndipo m'miyezi itatu yokha imene mwakhala mukuyesera, anthu zana limodzi ndi makumi anayi abwerera kwa ana awo. Ombani m'manja, musachite manyazi!

Bambo Patwari, zikomo chifukwa chotsegula mabuku anu osabisa kanthu. Si mkulu wa ndende aliyense amene amalola alendo kuona kuseri kwa nyumba yake. Bwanamkubwa, zikomo chifukwa cha malo ndi njerwa. Kwa apolisi ndili ndi pempho limodzi: musanamange munthu, dzifunseni kuti akagona pati. Kwa maloya anzanga, mawu akuti "tipempha tsiku lina" muziwagwiritsa ntchito ngati tsabola, osati ngati mpunga.

Inu abale anga kumbuyoko, sindikukulonjezani kuti nonse mutuluka. Wolakwa adzagwira chilango chake. Chimene ndikukulonjezani n'chakuti mlandu wa aliyense umveka, ndipo mlangizi akadutsa osakufunsani dzina, mumukoke malaya.

Mayi Mollik, ndamva kuti milandu makumi awiri ndi itatu ili kale patebulo panu m'katimo, ndipo eni ake asamba ndi kupesa. Tiyi ndi maswiti zitidikire. Ndipatseni sizasi ndidule riboniyi.

Ndi mtima wodzaza ndi chimwemwe, ndikulengeza kuti khoti la pachipata cha ndende ino latsegulidwa tsopano. Itanani dzina loyamba!

Zikomo kwambiri nonse.