Chitumbuka cha a Jeremiya Mphepo

Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi a Jeremiya Mphepo. Adabadwa m'chaka cha 1964 m'mudzi muno mwa Mtambalika, kufupi ndi Chamama, m'boma la Kasungu. Adali achiwiri m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Sunganani, mwana wawo wachiwiri. Akuluakulu asankha ine chifukwa ndi amene ndili ku sekondale.

Sukulu adayamba mu 1972 pa pulayimale ya kuno kwathu ndipo adalekezera Sitandade 8. Mayeso adakhoza, koma sadasankhidwe. Adakhala pakhomo zaka zingapo akulima ndi amayi awo, kufikira mu 1986 pamene adalembedwa ntchito pa esiteti ina ya fodya ku Lisasadzi. Poyamba ankasankha fodya m'chigafa, kenaka adakhala kapitawo woyang'anira matenanti.

Kumeneko ndi kumene adakumana ndi mayi athu, a Dyna Soko, amene ambiri mumawatchula kuti NyaSoko. Makolo awo adali matenanti ochokera ku Mzimba. Ankhoswe atapita kukafunsira mbeta, agogo athu a Soko adayankha m'Chitumbuka chokhachokha, ngakhale Chichewa ankachimva bwinobwino, mpaka padachita kufunika womasulira. Pomaliza adanena kuti mwana wawo sangamupereke kwa mkamwini amene iwo, apongozi, sangathe kumukalipira popanda wina woima pakati. Ankhoswe adabwerako akuseka. Malemu sadaitenge ngati nthabwala.

Chaka chimenecho adachithera pakhonde la a Soko. Akaweruka kuntchito ankapita kukathandiza kusenda mtedza wa mbewu. Ankasenda umodziumodzi, pang'onopang'ono, kuti lichero lisadzaze msanga, makutu ali kwa eni nyumba. Mawu oyamba kuwadziwa adali skawa, ndiwo mtedza womwewo, kenaka hona, ndiye fodya. Amalume athu amakumbukirabe tsiku limene adawatuma ngoma, kutanthauza chimanga, iwo n'kukabwereka ng'oma kwa anyamata a pa esiteti. Adasekedwa kufikira mvula itagwa. Iwo sankakwiya, ankangofunsa mawu ena.

Ukwati adamangitsa mu 1990 mu mpingo wa CCAP. Adapereka malowolo monga mwa mwambo wa kwa a Soko. Kuno ena adati Jeremiya wagula mkazi. Ku Mzimba ankati Chitumbuka cha mkamwini wawo n'cha pa esiteti, chimanunkha fodya. Malemu sadayankhe mbali iliyonse. Mu 1995 adasiya ntchito n'kubwerera kuno ndi banja lawo. Amayi awo adawapatsa munda wa kufupi ndi dambo, ndipo adayamba kulima fodya wawowawo wa bale kudzera mu kalabu.

Pakhomo padali lamulo limodzi. Mayi ankatilankhula Chitumbuka, bambo Chichewa, koma tikakhala pa chakudya chamadzulo tonse tinkalankhula Chitumbuka, iwo omwe. Akalakwitsa, mayi ankawakonza pamaso pathu, iwo n'kubwereza mawuwo monga mwana wa sukulu. Chingerezi adati tikachipeza kwa aphunzitsi. Mng'ono wanga Thoko ali ndi mayina awiri a tanthauzo limodzi, pakuti ku Mzimba ndi Wongani. Tsiku lina m'kalasi adayankha aphunzitsi kuti vichi m'malo mwa chiyani, ndipo kuyambira pamenepo anzathu ankatitchula ana a vichi. Thoko adakana kulankhulanso Chitumbuka. Bambo sadamukalipire. Adangoleka kumva Chichewa chake pa chakudya, ndipo Thoko atapempha mchere osapatsidwa, adaupempha m'chinenero cha mayi.

Nonse mukudziwa kuti kuno ana amawerengedwa kwa mayi, pamene kwa a Soko, malowolo akaperekedwa, ana ndi a bambo. Motero ife kuno ndife a ku Mzimba, ndipo ku Mzimba ndife a ku Kasungu. Malemu ali moyo nkhaniyi sinkamveka.

Makuponi a feteleza atayamba mu 2005, malemu ankaitanidwa ku misonkhano kuti afotokozere m'Chitumbuka okalamba a m'maesiteti oyandikana nafe, amene zambiri zinkawadutsa. Ankabwerako mochedwa, nthawi zina thumba lawo la feteleza atagawana ndi banja limene silidapeze kanthu. Mu mpingo adabatizidwa mu 1980, adakhala mtumiki, ndipo mu 2008 adasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Pa maliro a matenanti, amene nthawi zambiri amaikidwa kutali ndi kwawo, ndi iwo ankatsogolera pemphero m'chinenero cha ofedwa.

Matenda othamanga magazi adawapeza nawo mu 2010, ndipo ankalandira mankhwala ku Chamama. Mwezi watha adagwa akuthirira nazale ya fodya ku dambo. Tidawatengera ku chipatala cha ku Boma, kumene adatiuza kuti ndi sitiroko. Mbali ya kumanja idafa ndipo lilime lidalemera. Mawu ochepa amene ankatuluka adali osakanikirana, ambiri a Chitumbuka. Adatisiya Lachiwiri pa 4 Disembala, 2012, ali ndi zaka 48.

Ndidauzidwa kuti mbiri ithere pamenepa, kenaka nditchule otsala. Ndikupempha akuluakulu andikhululukire, pakuti pali mawu a malemu amene sadamveke bwino, ndipo nawonso ndi mbiri yawo.

Lamlungu asanamwalire, mayi adatuluka kukachapa zovala za odwala. Pambali pa bedi tidatsala atatu: azakhali a Feggie, amene ndi alongo awo a malemu, bambo aang'ono a Grey, ndi ine. Azakhali adawerama n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga mlamu ndi anawa? Akhale ku Kasungu kuno, kapena abwerere ku Mzimba?" Bambo adayesa kuyankha, ndipo adabwereza kawiri. Azakhali adaweramuka n'kuuza a Grey kuti achimwene ati kaya, kaya kuno kaya kwina, ndiye kuti atisiyira ife. Ine ndidali kumapazi. Sindidalankhule, chifukwa mwana salowerera akuluakulu akamafunsana.

Kuyambira dzana mawu amenewa akuyenda m'siwa ndi kuseri kwa nkhokwe. Tamva kuti malemu sadasiye mawu, kuti pa tsiku lometa mayi adzasudzulidwa, kuti tikakolola tidzapita ku Mzimba ndipo munda wa kudambo udzabwerera kwa ana a azakhali. Amalume amene abwera kuchokera ku Mzimba nawo atiuza kuti kumeneko malo athu kulibe, poti ng'ombe za malowolo zidaperekedwa kale.

Azakhali sadaname. Adanena zimene makutu awo adamva. Koma bambo sadati kaya. Adati, "Kukaya kwawo ni kuno." M'Chichewa kaya ndi mawu a munthu amene sakudziwa. M'Chitumbuka kukaya ndi kumudzi, kumene munthu amabwerera. Adanena kuti kwawo kwa anawa ndi kuno. Amene mumamva Chitumbuka muli pano ambiri, mukhoza kuwauza anzanu ngati ndamasulira molakwika.

Sindikudziwa kuti akuluakulu agamula zotani, ndipo si ine wogamula. Ndingoti ine ndi abale anga sitikudziwa mudzi wina. Mbande za fodya zakula ku nazale, feteleza wa chaka chino ali m'nyumba, ndipo mvula ikagwa tikufuna kukawokera m'munda wa bambo athu, mayi ali nafe. Ngati tidzachotsedwa, kusanenedwe kuti malemu adakayika.

A Jeremiya Mphepo asiya mkazi, mayi Dyna Mphepo. Ana anayi, Rute, Sunganani, Thoko ndi Prosper, onse a m'mudzi muno mwa Mtambalika. Mdzukulu mmodzi, mwana wa Rute. Alongo awo awiri, mng'ono wawo mmodzi, ndi alamu awo a ku Mzimba.

Apumule mu mtendere, kuno kwawo.