Makiyi a Basi Anabweza Okha

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966, achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Za sukulu ndingodumpha, chifukwa eniake ankati chomwe anatolako n'kuwerenga zikwangwani za pamsewu basi.

Pa 2 Meyi 1994 analembedwa ntchito yoyendetsa basi ya mumzinda, mkazi yekhayekha pakati pa madalaivala makumi anayi. Ku depoti ankangowatchula kuti Mayi Seveni, potengera nambala ya msewu wawo. M'chaka cha 1996 munthu wina wokonza mawotchi anayamba kukwera basiyo mpaka kumathero n'kubwerera nayo, tsiku ndi tsiku, kumene analibeko ngakhale m'bale. Malemu anamuyang'ana pagalasi n'kumufunsa ngati wasochera kapena ali ndi mawu. Munthuyo ndi bambo athu, akhala apowa. Chikondi chotero masiku ano chikupezekanso?

Kuyambira 2017 kapamba anayamba kuwavuta. Ululu unkachokera m'mimba n'kulasa kumsana, zakudya zamafuta anasiya, yunifolomu inabwezedwa kawiri kwa telala kuti akaichepetse. Ena ankanong'ona kuti matendawa ndi a mowa. Tikunena pamaso panu: mayi athu sanalawepo dontho.

Chomwe mtima wawo unkalakalaka chinali mendulo ya zaka makumi atatu popanda ngozi. Pa 11 Epulo 2024, kutangotsala masabata atatu, mpweya unawathera ali pachiwongolero, kutsogolo kuli chitsetse. Akanatha kulimba mtima n'kubisa. Iwo anaimika basi pambali, anakoka buleki, anaitana kondakitala n'kumupatsa makiyi. Kuchipatala anapeza kuti madzi ochokera ku kapamba wotupayo adzaza mbali ya kumanzere ya chifuwa n'kufinya phapo. Anawapopa kanayi, madziwo n'kumabwerera, mpaka Lachiwiri pa 14 Januwale 2025 pamene anatisiya, atakhala tsonga, atagwira dzanja la bambo.

Mendulo sanalandire, lamulo ndi lamulo. Koma anthu 58 amene anali m'basimo anakafika kwawo, ndipo ena mwa iwo tikuwaona pano.

Asiya mwamuna, ana atatu ndi zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza anamwino a m'chipinda cha odwala chifuwa, aneba, komanso madalaivala amene mwasinthana mashifiti kuti mudzanyamule bokosili.

Mayi, mwatifikitsa tonse. Mzimu wanu uuse mumtendere.