Malaputopu Atatu Amene Takana Kubisa

Olemekezeka Bambo Wapampando wa bungwe loyendetsa sukulu ino ya ntchito zamanja, pamodzi ndi mamembala anu onse; olemekezeka Mayi Mkulu wa sukulu, amene munandiimbira foni mpaka ndinasowa kothawira; olemekezeka nthumwi ya abwenzi athu amene anapereka malaputopu awa; olemekezeka bambo mwini nyumba ino, amene ndikuona mwakhala moyandikana ndi khoma lanu ngati mukulilondera; aphunzitsi, achibale a ophunzira, ndi inu ophunzira, eni ake a tsiku lalero: ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikuthokoza ulemu umene mwandipatsa.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta. Manja angawa anazolowera fumbi la m'makina kuposa sizasi yodulira riboni, choncho ndikalankhula ngati ndili m'shopu, mundikhululukire.

Kwa amene mwafika lero, nkhani yake ndi iyi. Malaputopuwa anabwera atafufutidwa zonse mkati, ndipo sukulu inasankha kuikamo Linaksi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kugawira mnzake popanda kutchedwa wakuba. Munasankha bwino, ndipo ndikunena zimenezi pamaso pa onse. Koma walira mvula walira matope. Zolembera zinagwira, zowerengera zinagwira, ngakhale nyimbo zinalira, koma waifai, kachipangizo kolumikiza makina ku intaneti popanda waya, kanangoti zii. Kachipangizoko kali mkati momwemo, laputopu inabadwa nako, koma makina ankachita ngati sakukadziwa. Aphunzitsi atati tikoke mawaya, bambo mwini nyumba anati khoma lawo lisabooledwe, ndipo ndi ufulu wawo. Musawayang'ane choncho, abale, khoma ndi lawo. Chonsecho mayeso a satifiketi ali mwezi wamawa, amalembedwa pa intaneti, wophunzira aliyense pa makina ake. Amene makina ake sakulumikiza, adikira chaka china.

Nditamva zimenezi ndinakumbukira utsikana wanga. Nditangoyamba ntchito pa ofesi ina, bwana anandipatsa laputopu yawo kuti ndiikemo pulogalamu yomweyi. Ndinaika, ndinayatsa, waifai kulibe. Bwana anabwera ataima m'chiuno.

"Iwe mwana, chavuta n'chiyani?"

Ndinati, "Bwana, makina ali bwino, koma palibe dalaivala."

Kwa ife a ntchitoyi, dalaivala ndi kapulogalamu kamene kamauza kompyuta mmene ingalankhulire ndi chipangizo chake. Koma bwana sanadikire kuti ndimalize. Anatsegula zenera n'kukuwa, ndipo posakhalitsa analowa dalaivala wa galimoto ya ofesi, bambo wachikulire, nsanza yopukutira ili m'manja. Bwana anayamba kuwakalipira.

"Kodi inu mumakhala kuti? Mwanayu akuti ntchito yaima chifukwa dalaivala palibe!"

Bambo aja anayang'ana bwana, anayang'ana laputopu, n'kunena kuti, "Bwana, ine ndili panja pompa chibwerereni. Nanga ichi chiwongolero chake chili pati?"

Sekani ndithu, nanenso ndinaseka mpaka misozi. Koma nditafotokoza, kuseka kunatha. Dalaivala amene ndinkamufunayo anali pa intaneti, ndipo kuti ndifike pa intaneti ndinkafunika dalaivala yemweyo. Kiyi wa nyumba anali atatsekeredwa m'nyumba momwemo. Bwana anati tingoisiya, tibwerere ku pulogalamu yakale yokopera mwamseri. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinakana. Bambo a galimoto aja ndi amene anati, "Achemwali, kwerani. Alamu anga ali ndi intaneti ya waya kushopu kwawo." Tinapita, tinalumikiza chingwe, tinatsitsa kapulogalamuko, ndipo madzulo bwana anali kuwerenga makalata awo atakhala pakhonde. Mpaka anapuma ntchito ankauza alendo kuti kompyuta yawo inakonzedwa ndi dalaivala, ndipo sindinawatsutsepo.

Olemekezeka, njira yomweyi ndi imene ayenda aphunzitsi anu a makompyuta, amene ophunzira munawapatsa dzina loti Mayi Dikirani. Ndamva kuti ukati, "Madamu, yakana," yankho lake ndi lomwelo: "Dikirani." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiwa anadekha. Sanamenye makina, sanawatukwane, kapena ngati anatukwana ndiye chamumtima. Anayamba afunsa laputopu iliyonse dzina la kachipangizo kali mkati mwake, chifukwa makina ofanana kunja sakhala ofanana m'mimba. Dzinalo analitenga n'kukafunsa pa masamba a pa intaneti pamene anthu a ntchitoyi amathandizirana, anthu a mayiko akutali, osawadziwa nkhope, oyankha popanda kufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Kumeneko anamva kuti dalaivala yekha sakwanira, pamafunikanso kafayilo kena ka kampani yopanga kachipangizoko, kamene sikanabwere limodzi ndi pulogalamu. Pamene panalibe waya, analumikiza foni yawo ndi chingwe chotchajira, laputopu n'kubwereka intaneti ya foni mpaka itapeza yakeyake. Anachita zimenezi makina ndi makina, ophunzira ataunjikana kumbuyo kwawo, ndipo lero ena a inu mukhoza kuchita nokha. Mayi Dikirani, imirirani anthu akuoneni. Ayi, manja amenewo achepa, onjezerani.

Kwa abwenzi athu opereka makinawa, tikuthokoza, ndipo mukauze amene anakutumani kuti mphatso yawo sinagwere m'manja aulesi. Kwa a bungwe, tikuthokoza kuti pamene ena ankati makinawa ndi akufa, inu munati tiyeni tione kaye.

Tsopano ndinene chimene sichili pa ndondomeko ya mwambo uno. Malaputopu atatu sanalumikizebe. Kachipangizo kawo ndi ka mtundu wina, kouma mutu, ndipo njira imene inatsegula enawo ikukanika pa iwo. Mmawa uno nditafika, ndinapeza munthu wina wokonda sukuluyi, amene sindimutchula, atawanyamula akupita nawo kusitolo yosungiramo katundu wa sukulu. Anati, "Mayi, alendo asaone zokanika, zithunzi zingaipe." Ndikumumvetsa, palibe amene amafuna manyazi pa tsiku lotere. Koma pakhomo pomwepo panaima wophunzira wanu wamkulu kuposa onse, bambo amene amagwira ntchito ya ulonda ndipo amafika m'kalasi yunifolomu ikadali pathupi. Imodzi mwa malaputopu atatuwo ndi yawo. Anavula chipewa n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, ndiye kuti yanga ija yafa basi? Chifukwa kuntchito anandilonjeza kuti ndikapeza pepala chaka chino, andichotsa pageti andiika mu ofesi. Chaka chamawa malowo sadzandidikira."

Funso limenelo landilasa mtima. Chinthu chikalowa m'sitolo chifukwa cha manyazi, sichitulukanso. Ine ndakonza makompyuta zaka zambiri, ndipo ndaona makina abwinobwino akudyedwa ndi mphemvu chifukwa wina anatopa Lachitatu n'kunena kuti tidzaona Lolemba. N'chifukwa chake ndapempha kuti atatuwo aikidwe patebulo lakutsogolo lino, pamene nonse mukuwaona, ndipo ojambula muwajambule momwe alilimu.

Bambo mlonda, muli kuti? Eya, kumbuyoko. Ndikuyankheni pamaso pa Wapampando ndi pamaso pa ana anu amene mwabwera nawo. Makina anu sanafe. Sitinapeze chabe chinenero chake, ndipo tichipeza. Mayeso amenewo mulemba chaka chino, pa laputopu yanu, m'chipinda chino.

Choncho, ndi mphamvu imene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda cha makompyuta cha sukulu ino chatsegulidwa mwalamulo, ndi makina ake onse, omvera ndi osamvera omwe. Alendo olemekezeka, zakumwa zili panja, pitani mukasangalale. Zanga mundisungire, chifukwa jekete ndi ili ndavula. Mayi Dikirani, bweretsani chingwe chija. Bambo mlonda, kokani mpando mukhale apa pakati pathu, tiyamba ndi yanu.

Zikomo kwambiri nonse.