Zala Zanga Zinatsala mu Utuchi

Abale ndi alongo, ine ndinali mmisiri wa matabwa wodzimva. Pa obra iliyonse, kunena pamalo omanga nyumba, ku Cassacatiza ndinkafika ndikununkha kachasu, chithumwa chili m'chiuno. Ndinkati chitsulo sichingandidye. Makina amagetsi ochekera matabwa ndinawachotsa chotchinga mpeni, ati chinkandichedwetsa.

Koma m'kati ndinali wamantha. Ndikameta, tsitsi ndinkakwirira ndekha. Aliyense ndinkamuyesa mfiti.

Tsiku lina tikukhoma denga la sitolo, mpeni unagunda mfundo ya thabwa. Makina anadumpha. Sindinamve kuwawa. Ndinangoona magazi pathabwa, zala ziwiri palibe.

A Fulansisiko, omanga njerwa amene ndinkawanyoza kuti abusa a matope, anang'amba malaya awo n'kundimanga mkono. Analiza mota, njinga yawo yamoto.

"Kwerani, achimwene, tithamangire kuchipatala!"

Ndinakana. Ndinagwada mu utuchi kufunafuna zala zanga. Mumtima ndinkati wina akazitola akapangira chizimba, ine n'kusanduka ndondocha yake, yomugwirira ntchito ngakhale nditafa. Nsalu ija inanyoweratu. Maso anayamba kuchita chidima, ine ndikupalasabe ndi dzanja limodzi. Anzanga atandizinga kuti andithandize, ndinawakalipira kuti asayandikire.

A Fulansisiko anagwada pambali panga.

"Zalazo zafa kale. Mukufuna mufere pompano limodzi nazo? Zisiyireni Yesu. Anaziumba ndi Iye, azilondera yekha."

Ndinaopa kufa. Ndinaopanso kuchoka. Ndinalira ngati mwana, n'kunena kuti, "Yesu, ngati mukundimva, zisungeni ndinu."

Ndinakwera. Anandimangirira kumsana kwawo ndi chingwe kuti ndisagwe, ndipo panjira ndinakomoka. Nditatsitsimuka, namwino anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono, akanalandira mtembo.

Kumene zala zija zinapita sindikudziwa mpaka lero. Mwina galu anadya, mwina munthu anatola. Miyezi yoyamba ndinkadikira kuti ndidwale kapena ndipenge. Palibe chinachitika. Tulo ndimagona tokoma, timene sindinagonepo ndili ndi zala zonse.

Ndikukhomabe madenga, ngakhale msomali umandipulumuka kawirikawiri. Ambuye alemekezeke, anandichotsa mu ukapolo wa mantha.

Mwina pano pali wina amene wagwada penapake, akutaya moyo polondera chinthu chakufa. M'bale wanga, dzuka. Bwera kutsogolo kuno, ndikugwire ndi dzanja lomweli tipemphere.