Pepala la belo lomwe ndinasomeka kudenga

Omvera anzanga, ndine bambo wa kwa Nthache ku Mwanza. Sukulu ndinalekera sitandade 2 nditabwereza katatu, chifukwa zilembo zinkangondisokonekera m'maso.

Nditagwidwa ndi makala pa njinga, apolisi anandipatsa pepala la belo. Wapolisi anandifunsa kuti, "Bambo, mwawerenga?" Panali anthu, ndiye ndinangoti, "Eya bwana," n'kulemba dzina langa, chinthu chokhacho chomwe ndinkatha. Pepalalo ndinalikulunga m'jumbo n'kulisomeka kudenga kuti lisanyowe. Sindinadziwe kuti likunena tsiku lokaonekera kukhoti.

Tsikulo litadutsa, apolisi anadzanditenga ngati wothawa belo, ana anga akuona. Chaka chimenecho munda wathu unagonera.

Kundende ndinapeza ambiri onga ine, ndipo mkaidi wina yemwe kale anali mphunzitsi ankatiphunzitsa kuwerenga moleza mtima. Nditatuluka ndinatsitsa pepala lija, lili bwinobwino, losanyowa. Ndinawerenga ndekha pang'onopang'ono mpaka pa mawu oti "Lachisanu". Ndinakhala pansi n'kulira.