Timabuku Tiwiri m'Jekete Imodzi

Olemekezeka a shefi, mkulu wa boma pa posto yathu, dera lino la Ntengo-Wambalame, olemekezeka oimira a zaumoyo ku boma la Tsangano, abusa a Quintino ndi akulu a mpingo amene munaumba njerwa za nyumbayi, mafumu athu, mayi Tânia, namwino wathu, amene mwabayapo jekeseni pafupifupi aliyense ali pano, ena pamalo osatchulika, amayi ndi abambo nonse, landirani moni wanga.

Ine ndine Filomena, mwana wa a Narciso, awo akhala kutsogolowo ndi jekete yakuda. Kalata yondiitana itandipeza ndinaganiza kuti yasochera, pakuti mlendo wolemekezeka wa kwathu kuno amabwera ndi imvi, mimba ndi galimoto. Ine ndabwera pa njinga yamoto, fumbi m'makutu, ndipo inki ya pa dipuloma yanga sinaumebe.

Ndikuthokoza mpingo chifukwa cha faramasiya iyi, chipinda chathu choperekera mankhwala. Ndithokozenso kufatsa kwa komiti yomanga. Maziko munakumba ndisanapite ku Beira. Ndinaphunzira zaka zinayi, ndinabwerako, ndipo ndinapeza mukukambiranabe mtundu wa penti. Abusa akuseka, ndiye kuti ndakhululukidwa.

Ku yunivesite ya mpingo kumene ndinaphunzira za mankhwala, tsiku lililonse linkayamba ndi pemphero. Koma mphunzitsi wathu wina, mayi wamfupi wosaseka, akangoti ameni ankanyamula kabokosi n'kunena kuti, "Mwapemphera, zikomo. Tsopano tsegulani maso muwerenge tizilembo tating'onoti, chifukwa Mulungu sadzakuwerengerani." Anatiphunzitsa kuti mankhwala amodzi amatha kuvala mayina ambiri ndi mitundu yambiri, koma dzina lake lenileni limalembedwa pansi, mwa tizilembo. Ndinkaona ngati n'zongokhozera mayeso, mpaka patchuthi cha chaka chachiwiri.

Tsiku limenelo tinkakumba mbatatesi. Abambo anga anaweramuka, anati kwada bii masana, n'kugwa chagada pamzere. Ena anayamba kuimba nyimbo, ena kutchula mayina a anthu amene ankasirira mundawo. Atatsitsimuka, ndinakhuthula thumba lawo la mankhwala pamphasa. Munali piritsi loyera ndi piritsi lofiirira. Nditawerenga tizilembo tija, onse anali mankhwala amodzimodzi, otsitsa kuthamanga kwa magazi, matenda amene kuno timati tensawu. Loyera analandira kutsidya ku Malawi, lofiirira analandira kuno, ndipo ankamwa onse.

Ndinati, "Ababa, bwanji mukumwa kawiri?"

Iwo anati, "Si kawiri. La ku Malawi ndimamwa m'mawa, la kuno ndimamwa masana, kuti asakumane m'njira."

Sekani, koma ena mukuseka dzanja lili pathumba.

Wolakwa si namwino wa kuno, si wa kutsidyanso. Aliyense anaona kabuku kamodzi, n'kupereka mlingo woyenera munthu mmodzi. Abambo anga ndi amene anali anthu awiri. Ali ndi kabuku ka chipatala ka kuno, ali ndi kena ka ku Malawi, ndipo timabukuti sitinaonanepo.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo sindichinyoza. Makolo athu munathawira kutsidya nthawi ya nkhondo, munabwerako opanda kanthu, ndipo munaphunzira kuti chinthu chimodzi sichikwana: njira ziwiri, misika iwiri, zipatala ziwiri, kuti kwina kukatsekeka kwina kutseguke. Nzeru imeneyo inatisunga ife ana anu. Koma magazi a munthu sadziwa malire a dziko. Mukawatsitsa kawiri amatsika kawiri, ndipo tsiku lina munthu sadzukanso pamzere paja.

Ine sindinabwere kudzaletsa aliyense kuwoloka. Wolokani, abale anu ali komweko. Ndikupempha chinthu chimodzi: pa zenera ili, tulutsani timabuku tonse tiwiri ndi mapiritsi onse, tiwerenge pamodzi. Ndipo ndilibe nthawi yodikira. Ndikufuna zaka zisanu zisanathe kukhale wodziwa mankhwala ku Furancungo, ku Chidzolomondo ndi pa posto iliyonse, mwana wobadwira konkuno, wolankhula ngati ife. Atsikana inu, masamu ndi kemisitiri saluma.

Tsopano ndili ndi vuto, a shefi. Abambo anga anandilonjeza chaka chijachi kuti asiya kumwa kawiri. Lachitatu lapitali anati akupita kukaona mbewu kumsika wa kumalire, koma anabwerako ndi kaenvelopu ka mapiritsi kolira m'thumba. Ndingauze bwanji anthu onsewa zimene kwathu zandikanika? Choncho sizasi ili m'manja mwangamu, koma sindidula nsalu yamangidwa pakhomoyi kufikira a Narciso atayika kabuku kachiwiri patebulo pano. Chakudya chidikira.

Ababa, mwati bwanji? Akuti anakaiwala kunyumba. Amayi, n'zoona? Amayi anga a Fanny akuti kali m'thumba la m'kati, kumanzere, pamodzi ndi baibulo laling'ono.

Akuti mwana salamula bambo ake pagulu. Zoona, ababa, ndipo sindikulamulani, ndikukupemphani ndi manja awiri. Munagulitsa ng'ombe kuti ndiphunzire kuwerenga tizilembo timeneti. Ndiloleni ndikuwerengereni inuyo poyamba. Sindikufuna kudzakunyamulaninso m'munda.

Apatseni njira. Fatsani ndi sitepeyo, simenti yake ndi yatsopano.

Aka kabuku ka kuno. Aka ka ku Malawi, kokutidwa bwino ndi pulasitiki. Zikomo ababa. Akuti ndisakataye. Sindikataya, tikamata pamodzi ndi kanzake.

Abusa, ndikuona nanunso dzanja lalowa m'jekete. Musachite manyazi, tebulo ndi lalikulu. Mayi Tânia, bweretsani mipando ina pafupi ndi zenera, lero sitiweruka msanga.

Olemekezeka nonse, m'dzina la amene anaimanga ndi la amene idzawasunga, ndikulengeza kuti faramasiya ya Ntengo-Wambalame yatsegulidwa kuyambira pano, ndipo woyamba pamzere ndi a Narciso.

Zikomo kwambiri.