Galimoto ya Apongozi Yokana Kulira

Ine, amene anzanga amanditcha Sipanala, wa zaka 41, makaniko wa galimoto, wokhala nyumba yachitatu kuchokera pa mphambano ya kumsika, ndikupereka umboni uwu kuno kupolisi pa za apongozi anga aamuna, omwe ali chigonere kuchipatala osatsitsimuka chiyambire Lachinayi.

Lolemba cha m'ma 8 koloko m'mawa apongozi anafika kuntchito kwanga ndi galimoto yawo, anthu awiri akuikankha. Ndi galimoto yakale ya kabuleta, msinkhu umodzi ndi mkazi wanga. Ndiyo imene amatengera apongozi aakazi kuchipatala Lachinayi lililonse, poti amayiwo amadwala mphumu ndipo m'basi amabanika. Bambowo anandiuza kuti: "Akamwini, m'mawa ikumakana kulira. Ikalira ikumanjenjemera ngati ya malungo, ndikangochotsa phazi pa moto basi yazima."

Ndinayamba ndi batire, linali ndi mphamvu. Sitata inkazungulira bwino. Ndinamasula mapulagi onse anayi, awiri anali bii ndi mwaye, ndinawatsuka n'kuwabwezera. Fyuluta ya petulo ndinasintha. Kapaipi kamodzi ka mpweya kanali kong'ambika kumapeto, ndinakadula n'kukalumikizanso. Galimoto inasinthako pang'ono, koma kunjenjemera sikunathe.

Cha m'ma 2 koloko masana ndinatsegula kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Ndinapeza kuti tchoko, kachitsulo kothandiza injini kulira ikazizira, kanali kothyoka. Ndinayenda mashopu atatu. Pa yachiwiri wogulitsa anandiseka nati: "Achimwene, zimenezi mukafunse ku manda a galimoto." Wa pa yachitatu anati andipezera Loweruka.

Ndinapempha apongozi kuti galimoto itsale mpaka Loweruka. Anakana, anati amayi sangaphonye tsiku lawo la kuchipatala. Ine ndi mkamwini, sindikanakangana nawo pamaso pa anthu. Ndinangokweza sikuluwu ya kabuleta kuti injini ikatentha isamazime yokha. Kenako ndinawauza mawu awa, ndipo ndikuwakumbukira bwino: "Bambo, Lachinayi mudzadzuke msanga. Mukailiza, mudzakhale momwemo phazi lili pa moto kwa mphindi khumi ndi zisanu mpaka itenthe. Musadzatsike, ikazima simuilizanso." Anaseka nati galimoto yakalamba ngati mwini wake, imafuna kunyengerera. Anachoka nthawi ili 4 koloko.

Lachinayi nthawi ili 6:20 m'mawa apongozi aakazi anaimbira mkazi wanga. Anati galimoto ikulira m'garaja kuyambira 5:45 koma bambo sakuyankha. Ndinathamangira kunyumba kwawo pa njinga, mtunda wa makilomita awiri, ndinafika 6:30. Ndinapeza amayi atavala kale zapaulendo, akumenya chitseko cha garaja ndi ambulera. Chitsekocho n'chachitsulo, chinali chokhomedwa mkati. Pansi pake panali potseka ndi masaka awiri. Injini inkalira bwinobwino, osanjenjemera n'komwe.

Ndinakankha ndi phewa katatu, sichinasunthe. Ndinalibe chida chilichonse, poti ndinatuluka chimanjamanja. Ndinaitana apongozi mpaka mawu anasasa. Aneba anabwera ndi mgwala, tinathyola chitseko patatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Utsi unali tho. Apongozi anali pampando woyendetsera atavala jekete, mutu utatsamira pa chiwongolero, lamba atamanga. Ndinazimitsa injini, tinawatulutsa n'kuwagoneka pa udzu. Ankapuma mofooka. Sindinadziwe choti ndichite, ndinangowamasula kolala n'kumawakupiza ndi katoni. Aneba ndiwo anatitengera kuchipatala pa galimoto yawo.

M'njira apongozi aakazi anandiuza kuti zenera la kuchipinda kwawo layang'anizana ndi chitseko cha garaja, mtunda wa mamita atatu. Anati bambo potuluka ananena kuti: "Amayi, nditsekako kuti utsi usakupezeni." Za masaka ndi zokhoma chitseko ndikudziwapo zomwezo. Amene akunong'ona kuti apongozi anafuna kudzichotsera moyo sakuwadziwa. M'thumba la jekete munali khadi la amayi la kuchipatala ndi mankhwala awo opopera m'kamwa.

Kuchipatala adokotala anati utsi unawalowa kwambiri, tingodikira. Mlamu wanga, mwana wawo woyamba, anafika 9 koloko. Anandifunsa zimene ndinawauza bambo, ndinamufotokozera zonse osabisa. Anati: "Alamu, ndiye kuti munawauza kuti asatsike?" Ndinavomera. Sanandilankhulenso, ndipo ndiye anabwera kuno kudzadandaula. Mkazi wanga akugona kuchipatala kudikirira bambo ake, masiku atatu tsopano. Ndikapita, ndimaima pakhonde.

Mwandifunsa ngati ndinawachenjeza kuti chitseko chikhale chotsegula. Sindinawachenjeze. Zoti utsi wa galimoto umapha ndimazidziwa. Koma zaka makumi awiri ndakhala ndikuliza mainjini pansi pa denga la malata lopanda makoma. Kuntchito kwathu kulibe chitseko choti munthu n'kutseka, choncho m'mutu mwanga munalibenso chitseko.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezi, ndilibe choonjezera.

Wopereka umboni: ____________________
Wolemba umboni: ____________________